Phazi Lolemera la Amake Samah

Inu amene mwatopa ndi kuuzidwa kuti vuto ndinu, khalani pansi ndikuuzeni za Awatif, amake Samah, mkazi woyamba kunyamula anthu pa siteji yathu ya ku Qus. Ine ndinalipo, ndipo ndinali m'gulu la omuseka. Ndayamba ndi kunena zimenezi kuti musandiyese munthu wabwino kuposa mmene ndilili.

Linali Lolemba, dzuwa lili paliwombo. Awatif anachokera ku Qena ndi anthu asanu ndi awiri m'pijo, galimoto yakale ya mwamuna wake Radi. Atafika pachipata cha siteji anachotsa phazi pa faya, koma injini sinamve. Inapitiriza kubangula n'kumakoka galimoto. Pamene ankaponda buleki n'kuti mphuno ya galimoto itafika kale pa mitsuko itatu ya madzi imene a Haji Dandarawi, mkulu wa siteji, anaika pamthunzi kuti wodutsa aliyense azimwa n'kupempherera malemu mayi awo. Mitsuko iwiri inasweka. Madzi anayenderera mpaka pansi pa chiwaya cha Shehata, wokazinga taamiya, zitumbuwa zathu za nyemba zija.

Palibe anavulala, koma manyazi ake anali osasimbika.

"Mayi, ngati munakonza zotipha mukanatiuza ku Qena konkuja, tikanatsanzika ana," anatero bambo wina akutsitsa dengu lake la nkhunda.

"Alamu, amenewo si makina osokera ayi! Phazi timachotsa!" wina anakuwa chomwecho, siteji yonse n'kufa ndi phwete. Wokuwayo ndinali ine.

A Haji sanaseke. Anatola phale limodzi la mtsuko, analiyang'ana, n'kuliika pambali.

"Amake Samah, nambala seveni ndinakusiyirani chifukwa cha Radi ndi ana ake. Amuna khumi akuidikira nambala imeneyi."

"Phazi ndinachotsa, a Haji. Pali Mulungu ndinachotsa."

"Radi wayendetsa galimoto imeneyi zaka khumi ndi chimodzi, sinaswepo ngakhale kapu ya tiyi. Galimoto ndi yomweyi. Chasintha ndi phazi. Loweruka m'mawa ndidzakwera ndekha. Ikadzabangula chonchi, nambala ipita kwa wina."

Pa siteji yathu nambala ndiye munda wa munthu. Wopanda nambala saima pamzere, ndipo wosaima pamzere sapeza wokwera. Radi, mwamuna wa Awatif, anagwa pa siteji pomwepo miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, n'kufa ziwalo mbali yonse ya kumanja. Mawu amene anamutsalira mukanatha kuwawerenga ndi zala. Abale ake anati galimoto igulitsidwe, atsikana atatu aja asiye sukulu. Awatif anakana, anakatenga laisensi, n'kukhala pa chiwongolero ali ndi zaka makumi anayi. Tsopano zonsezo zinatsala ndi masiku asanu.

Lachiwiri anapita kwa makaniko wa pafupi ndi mlatho. Munthuyo anali atamva kale nkhani ya mitsuko, choncho matenda anawadziwa asanatsegule boneti. Anakoleka sipuling'i yachiwiri yokokera faya m'mbuyo. Injini inachitabe zomwezo. Anakoleka yachitatu.

"Apa ngakhale mutagona pa faya, mayi, ibwerera yokha," anatero akupukuta m'manja.

Pofika madzulo bondo la Awatif linali litatupa chifukwa choponda chitsulo cholimba ngati mwala, koma injini inali chibangulire. Ndipo chopweteka kwambiri chinayamba kumuchitikira: anayamba kukhulupirira kuti mwina tinkanena zoona. Anthu makumi atatu akakuuza chinthu chimodzi, umayamba kukayikira ngakhale phazi lako lomwe.

Lachitatu m'mawa sanabwere pamzere. Anapita ku msewu wa kuseri kwa manda kumene kulibe anthu, anaimitsa galimoto, n'kuvula nsapato. Anaponda faya, kenako ananyamula phazi lonse n'kulipinda pampando pamene maso ake ankaliona. Injini inakhalabe pamwamba. Anawerenga: wani, thu, fili. Inatsika pang'onopang'ono, monyinyirika, n'kudzakhazikika atafika pa eyiti. Anabwereza kasanu, ndipo kasanu konse zinali chimodzimodzi. Analira, koma kunali kulira kwa munthu amene wayamba kuona polowera.

Anakumbukira a Usta Bushra. Usta ndi mmene timaitanira mmisiri, ndipo a Bushra anali mmisiri wa makabureta amene madalaivala akale ankamutchula ataimirira. Maso awo anachita ng'ala, galaja anatseka, ndipo masiku onse ankangokhala pampando kunja kwa chitseko chotsekacho, kuseri kwa tchalitchi.

"Ndani ameneyo akuzunza injini ya Radi?" a Usta anafunsa pamene Awatif anafika, asanatsike n'komwe m'galimoto.

"Ndine mkazi wake, a Usta. Akuti ndili ndi phazi lolemera."

"Akutero ndani?"

"Siteji yonse."

"Siteji yonse inandiuzapo kuti petulo wa Lachisanu amayenda mtunda wautali kuposa wa Lolemba. Tsegula boneti, mwananga. Ine maso anatha, ndatsala ndi makutu ndi mphuno. Manja akhala ako."

Awatif anali asanagwirepo sipanala. Anawauza zimenezo, iwo n'kuyankha kuti ndi bwino kwambiri, chifukwa ndiye kuti alibe zolakwika zoti aiwale.

"Injini ili ngati bwalo la milandu," anatero. "Sumangira onse pamodzi. Umaitana mmodzi, umufunse, akayankha bwino umulole apite. Tiyamba ndi amene akumunenezayo."

Anamuuza kuti achotse masipuling'i awiri owonjezera aja n'kuwataya kutali. Kenako anamulondolera mpaka anamasula waya wochokera ku faya, moti tsopano phazi linalibenso njira yolankhulira ndi injini. Awatif anagwira kachitsulo ka pa kabureta ndi chala, anakakankha, injini inabangula. Anakasiya. Kachitsuloko kanabwerera msanga n'kugunda pa sikuluwu yake, tcha! Koma injini inakhalabe pamwamba mpaka eyiti.

"Phazi lako lili kuti?"

"Lili pansi pano, a Usta."

"Waya?"

"Ali lende."

"Ndiye awiriwo alibe mlandu. Apite kwawo."

Awatif anandiuza patapita zaka kuti sanamvepo mawu okoma ngati amenewo. Koma mawu okoma sakweza anthu, ndipo Loweruka linali likubwera.

Anayang'ana choko, kachitseko kamene kamathandiza injini kulira m'mawa kukazizira. Kanali kotseguka bwinobwino, nako kanamasulidwa. Lachinayi anatha tsiku lonse akusaka mpweya wakuba. A Usta anati injini ikamakoka mpweya pamalo osayenera, imachedwa kukhala pansi. Awatif anatenga botolo la madzi n'kumadonthetsa pang'onopang'ono m'munsi mwa kabureta ndi pa mapaipi a labala, a Usta atatchera khutu. Pa kapaipi kena kakang'ono injini inasintha mawu.

"Pamenepo! Pinda kapaipiko uone."

Kanali kong'aluka. Awatif anathamangira kumsika, anagula kena, anakalowetsa mwachimwemwe. Analiza injini, anakankha, anasiya, anawerenga. Inakhazikika pa sikisi.

Anakhala pansi m'fumbi, msana atatsamira tayala.

"Basi, a Usta. Mwina Mulungu sanalembe kuti ndidye za galimoto imeneyi."

"Dzulo unali pa eyiti, lero uli pa sikisi, ndiye ukuti sanalembe? Wapeza wakuba mmodzi, koma sanali yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwananga. Pita ukaphikire ana. Mawa ukatuluka ku mapemphero ubwere."

Lachisanu masana a Usta anati kabureta aisiye, yayankha mafunso onse. Awatif anadabwa, chifukwa aliyense pa siteji amadziwa kuti injini ikabangula, wolakwa ndi kabureta. A Usta anamuuza kuti atsatire mawaya a mapulagi mpaka pamene akumana. Pamenepo pali disitibyuta, kabokosi kogawa moto.

"M'kati mwake muli tizitsulo tiwiri," anafotokoza. "Injini ikathamanga, timatambasuka kuti moto uzifika msanga. Injini ikafuna kupuma, tiyenera kubwerera m'malo mwake. Tikachedwa kubwerera, moto umapitiriza kufulumira, injini n'kumathamangabe ngakhale waimana petulo. Vundukula chivindikiro. Ukuona kachala kozungulira pakatipo? Kapotoze pang'ono, ukasiye. Kayenera kudumpha kubwerera."

Awatif anakapotoza n'kukasiya. Sikanadumphe. Kanabwerera mwaulesi, kakukwawa.

"Kakuyenda ngati nkhalamba yochokera ku ukwati, a Usta."

A Bushra anaseka mpaka kutsokomola. "Tamugwira."

Anamuuza kuti akande chizindikiro ndi msomali asanazule kabokosiko, kuti adzakabwezere ndendende mmene kanalili. Awatif anakamasula pa nyuzipepala, akuika tizidutswa pamzere monga mmene tinkatulukira. Pansi penipeni anapeza tizitsulo tija titakutidwa ndi zinthu zofiirira, zomata ngati ulimbo.

"Bweretsa ndinunkhize," anatero a Usta. Ananunkhiza kamodzi, nkhope n'kumwetulira. "Mwamuna wako amakonda taamiya wa Shehata?"

Apa ndiyenera kuulula mwambo wathu. Pansi pa kachala kaja pamafunika kadontho ka oyilo kamodzi pakanthawi. Koma dalaivala ali pamzere, dzuwa likuswa mtengo, ndani angapite kukagula oyilo chifukwa cha kadontho kamodzi, chikhalirecho chiwaya cha Shehata chili poteropo chodzaza mafuta? Tinkangoviika kamtengo ka machesi m'chiwayamo n'kudonthetsa. Mafuta ndi mafuta, tinkatero. Sitinkadziwa kuti mafuta ophikira akamatenthedwa chaka ndi chaka, n'kusakanikirana ndi fumbi lathuli, amauma n'kusanduka ulimbo.

Awatif anatsuka tizitsuloto ndi palafini ndi mswachi wakale mpaka tinawala. Anadonthetsa oyilo weniweni, anamanga, anabwezera pa chizindikiro chija. Analiza injini, anakankha, anasiya. Asanamalize kunena wani, injini inali itakhala pansi, ikulira mofatsa.

A Usta anangoti, "Imeneyo ndiye injini ya Radi imene ndinkaidziwa."

Funso limodzi linamutsalira, ndipo anapita nalo kunyumba dzuwa lisanalowe. Radi anali pakhonde, pa mpando wake. Awatif anamununkhitsa kansanza kopukutira ulimbo uja. Radi anatseka maso.

"Bambo a Samah, matenda amenewa sanayambe dzulo. Inu munkayenda nawo bwanji osagunda kanthu?"

Radi anayang'ana pansi. Kenako phazi lake lamanzere, lamoyolo, linayamba kuyenda lokha. Linatsika, linakwera pang'ono, linatsikanso. Awatif anazindikira. Nthawi zonse injini ikakana kutsika, Radi ankaigwira pakhosi ndi kilatchi, kuitsamwitsa pang'ono mpaka ikhale pansi. Anachita zimenezi kwa zaka zambiri mpaka phazi linazolowera, mutu n'kuiwala kuti pali vuto.

Awatif anapsa mtima, ndipo sanabise. "Sabata yonseyi ndakhala choseketsa cha siteji, inu mukundiyang'ana!"

Radi anayesa kulankhula, mawu anakana. Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope. Ndi dzanja lamoyo lija anagwira bondo lotupa la mkazi wake, ndipo anakhala choncho mpaka ana anawaitana kukadya.

Loweruka m'mawa siteji inadzaza ngati tsiku la msika. Ena anasiya dala ulendo woyamba kuti aonerere. A Haji anakwera kutsogolo atavala mkanjo woyera, mikanda yopempherera ili m'manja. Anapita mpaka ku mlatho wa ngalande n'kubwerera, kudutsa zitunda zonse za pamsewu. Pachipata Awatif anachotsa phazi. Galimoto inalowa mwaulemu n'kuima pa mzere wake.

A Haji sanatsike. "Pondani," anatero. Awatif anaponda n'kusiya, injini n'kukhala pansi. "Pondaninso." Anachita katatu.

"Chinali chiyani, amake Samah?"

Tonse tinayandikira. Awatif akanatha kutsuka dzina lake pomwepo ndi mawu ochepa chabe, koma mawu omwewo akanasandutsa Radi munthu amene anadyetsa galimoto taamiya, ndipo pa siteji yathu dzina lotere limakafika mpaka kwa adzukulu. Anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Ukalamba, a Haji. Inkafuna kusambitsidwa m'kati."

"Anakukonzerani ndani?"

Awatif anawaonetsa zikhadabo zake zakuda.

A Haji anatsika, anakonza mkanjo wawo, n'kulankhula mokweza kuti aliyense amve. "Kuyambira lero ndisamve wina akuti nambala seveni ndi ya Radi. Ndi ya amake Samah. Mwaimira chiyani? Pakirani, anthu akupsa ndi dzuwa."

Ine ndinapakira, koma mtima sunali m'malo. Ulendo wonse wopita ku Qena ndinkangoyang'ana phazi langa lamanzere. Pa chitunda chilichonse linkatsika, kukwera pang'ono, kutsikanso, popanda kulituma. Ndinayesa kuliletsa kamodzi kokha, galimoto inatsala pang'ono kupsompsona ngolo ya nzimbe. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwa ine sichinadikire n'komwe mawa.

Madzulo ndinazemba anzanga n'kukaimitsa galimoto kuseri kwa tchalitchi, kumene Awatif anapita kukathokoza a Usta.

"Alamu, ndabwera ndi kankhani."

"Makina osokera avuta?" anafunsa.

Ndinamulozera galimoto yanga. Anatsegula boneti yanga, anavundukula chivindikiro, anapotoza kachala kaja n'kukasiya. Kanakwawa. Anapisa chala, ananunkhiza, n'kundiyang'ana.

"Inunso mumadya kwa Shehata?"

Sanandiseke kupitirira apo, ndipo sanauze munthu. Anandikonzera ine nditagwira nyuzipepala. Mwezi usanathe, madalaivala khumi ndi anayi anali atadutsa kuseri kwa tchalitchiko, aliyense payekha, aliyense akuyang'ana uku ndi uku poganiza kuti ndi iye yekha. Tinadzadziwana tsiku limene atatu tinakumanizana pakhomo pomwepo, aliyense akunamizira kuti wabwera kudzaona a Usta.

Chaka chomwecho a Bushra anamupatsa Awatif makiyi a galaja. Anamuphunzitsa makabureta kwa zaka zinayi, iwo akumva ndi khutu, iye akugwira ndi manja, mpaka Mulungu anawatenga. Sizinali zophweka. Awatif anaonongapo zinthu, anabwezapo galimoto itakanika, ndipo alipo amuna amene mpaka lero amalolera kukankha galimoto kusiyana n'kuti aigwire mkazi. Koma anthu anayamba kubwera kuchokera ku Luxor ndi ku Nag Hammadi, akufunsa za mayi wa ku Qus amene amafunsa injini mafunso. M'mawa ankanyamula anthu pa nambala yake, masana ankamanga mpango kumutu n'kulowa m'boneti. Atsikana onse atatu anamaliza sukulu. Shehata yekha ndiye ankadandaula kuti masiku ano chiwaya chake sachipatsanso ulemu.

Ndakhala ndikuganiza chifukwa chake vuto limene linali m'galimoto za amuna khumi ndi asanu linapezedwa ndi munthu amene anali asanagwirepo sipanala. Yankho lake limandichititsa manyazi. Ife tinali akatswiri obisa. Tinkadziwa kuyenda ndi chilema mpaka tinaiwala kuti ndi chilema. Iye sankadziwa kubisa, choncho anagwa pamaso pa anthu, ndipo kugwako n'kumene kunamukakamiza kufufuza. Ine ndinayenda zaka zisanu ndi zinayi ndikutsamwitsa injini yanga, n'kumaseka munthu yekhayo amene ankanena zoona.

Mwina inunso lero mwagwa poyera, ndipo amene akukusekaniwo akuoneka ngati zawo zikuyenda. Musafulumire kuvomera mlandu chifukwa choti okunenezani ndi ambiri. Musawonjezere mphamvu pamalo pamene simunafufuze. Funsani chinthu chimodzi, chikayankha mupite pa china, ndipo mukapeza kuti mwasuntha pang'ono chabe, dziwani kuti mwasunthabe. Pezani munthu wodziwa, ngakhale amene dziko linamuiwala, ndipo musachite manyazi kudetsa manja.

Limbani mtima, abale anga, musautaye. Mawa m'mawa dzukani, mutsegule boneti ya vuto lanulo, muyambe ndi funso loyamba.